Ampu ya bambo yapsereza ma transistor atsopano kachiwiri, ndalakwitsa pati?

Wongoyamba: Moni nonse akuluakulu. Ndakhala ndikungowerenga mwakachetechete, lero ndiye yandigwera ine. Bambo anga ali ndi ampu (amplifier, chokuzira mawu a nyimbo) ya ku Japan ya m'zaka za m'ma 1970, ija ya nkhope ya aluminiyamu, yolemera ngati mwala. Anaigula ine ndisanabadwe. Mwezi watha mawaya a sipika ya kumanzere anakhudzana ampu ikuimba, kunangomveka thu, kautsi, fyuzi n'kupsa. Nditatsegula ndinapeza ma transistor awiri akuluakulu a pa heatsink (chitsulo chochotsa kutentha), 2SD388 ndi 2SB541, onse ali shoti pakati pa collector ndi emitter (iwiri mwa miyendo itatu ya transistor, wachitatu ndi base). Ndinagula ena olembedwa manambala omwewo, kuika, kusintha fyuzi, kuyatsa. Sipanathe masekondi 5 fyuzi yapsanso, atsopanowo ashotanso. Mbali ya kumanja ili bwinobwino. Bambo sakunena kanthu, koma madzulo aliwonse amayang'ana pashelefu pamene inkakhala. Chonde ndithandizeni.

Chiphaliwali: Choyamba achimwene, musayatsenso. Muli ndi babu la mtundu wakale, lija la kawaya mkati? La 60 W. LED siligwira ntchito imeneyi.

Wongoyamba: Lilipo limodzi. Ndilitani?

Chiphaliwali: Mulilumikize pa waya wa live wa chingwe chopita kukhoma, kuti magetsi azidutsa kaye m'babumo asanalowe mu ampu. Ikakhala kuti ili bwino, babu limawala kamodzi pamene ma capacitor akuluakulu akudzaza, kenako limazirala mpaka kungotsala kofiira. Likangowalabe osazirala, mkatimo muli shoti, koma babulo ndi lomwe lasenza katundu, ma transistor anu apulumuka. Muike zonse m'kabokosi, pasakhale waya wamaliseche. Komanso musanagwire mkati, tsitsani magetsi a ma capacitor aja ndi resistor ya 1k ya 5 W, miniti imodzi, kenako muyeze. Osashotetsa ndi sikuludiraiva.

Agogo Mawaya: Mwananga, pepa ndi zomwe zakugwera. Ine ndinayamba kugwira zinthu zimenezi ma ampu amenewa akadali m'makatoni, ndiye ndimve bwino. Ma transistor a output, akuluakulu aja amene amakankha sipika, safa okha. Akamafa amakoka anzawo. Collector ikasungunukirana ndi base, magetsi onse a pa rail (mzere wa magetsi odyetsa ampu) amabwerera m'mbuyo kukamenya driver (transistor yocheperapo imene imayendetsa output), driver nayo imamenya resistor yake, nthawi zina mpaka kukafika pa ka transistor ka bias, kamene kamachititsa kuti ma output akhale otseguka pang'ono ngakhale ampu ili chete. Iwe unasintha amene amaoneka kuti afa, koma unasiya amene wavulala ali chigonere kumbuyo kwawo. Driver yoshota imatsegula output kotheratu kuchokera pa sekondi yoyamba, ndiye ngakhale ukanaika ma transistor abwino chotani akanapsa ndithu.

Chita izi. Chotsa ma output onse awiri. Zula ma driver pa bodi, uwayeze ali panja. Yeza ma resistor awiri oyera akuluakulu a pa emitter. Yeza resistor iliyonse yaing'ono ya m'dera limenelo. Ndipo usaiwale kuti uli ndi mwayi umene ambiri sakhala nawo: mbali ya kumanja ili moyo. Chilichonse chimene ukukayika kumanzere, kayeze mnzake kumanja. Mbali yamoyoyo ndiye mphunzitsi wako, kuposa ife tonse pano.

Mayi Mita: Kuwonjezera pa za Agogo. Mita muike pa diode. Transistor ya silicon yabwino imaonetsa pakati pa 0.5 ndi 0.7 V kuchoka pa base kupita ku emitter, chimodzimodzinso base kupita ku collector, ndipo mukatembenuza mawaya isaonetse kanthu. Collector ndi emitter pasadutse kanthu mbali zonse. Mutiuzenso ma volt a pa rail komanso zomwe zalembedwa pa ma resistor oyerawo.

Wongoyamba: Zikomo kwambiri nonse. Ndakhala nayo usiku wonse. Rail ndi 42 V mbali ya plus ndi 42 V mbali ya minus, ndayeza ma output nditachotsa, babu lili pamzere. Ma resistor oyera ndi a 0.47 ohm. Imodzi yaduka mkati, mita sikuonetsa kanthu, chonsecho kunja ikuoneka yatsopano. Driver ya NPN ili shoti miyendo yonse itatu. Ya PNP ikuoneka yabwino. Pali resistor ina yaing'ono pakati pa ma emitter a ma driver, kumanja ikuwerenga 220 ohm, kumanzere 890, ndipo nditaiyang'ana ndi tochi ndaona kamng'alu pakati pake. Ka transistor ka bias ndi C945, nako base ndi emitter zashota. Agogo munanena zoona, munali maliro ambiri m'menemu.

Mayi Mita: Driver ya PNP ija musaikhulupirire, isintheni pamodzi ndi inzake. Mita yanu imayeza ndi ma volt awiri kapena atatu okha. Transistor yovulala imatha kuoneka yabwino pamenepo koma n'kuyamba kudontha ikakumana ndi 40 V itatentha. Ma resistor a 0.47 nawonso sinthani onse awiri.

Khutu Lakuthwa: Ma driver ingoikani BD139 ndi BD140, savuta kupeza.

Mayi Mita: Pa ampu iyi ayi achimwene. BD139 malire ake ndi 80 V pakati pa collector ndi emitter. Nyimbo ikakwera, output imayandikira rail imodzi, ndiye driver ya mbali inayo imaona pafupifupi ma rail onse awiri, 42 kuphatikiza 42, kukhala 84 V. Mwapyola kale malire. KSC2690A ndi KSA1220A amapirira 160 V. Pa ma output, MJ21194 m'malo mwa 2SD388, MJ21193 m'malo mwa 2SB541. Ndi a thupi lachitsulo la TO-3 lomwelo, alowa m'mabowo omwewo, ndipo ndi a 250 V, 16 A.

Khutu Lakuthwa: Mwandikonza bwino Mayi, sindinawerengere ma rail. Koma ine mtima wanga umakhala pa manambala oyambirira. Anthu amene anapanga ampu ija anaimvetsera ndi ma transistor amenewo.

Miyendo Itatu: Vuto ndi lakuti manambala amenewo anasiya kupangidwa kalekale, achimwene. Mukaona 2SD388 yonyezimira ngati yatuluka m'fakitale dzulo, dzifunseni kuti yachokera kuti. Ine ndinadulapo imodzi ndi sowo nditaikayikira. Kachidutswa ka silicon ka mkati kanali kakang'ono koopsa, mwina gawo limodzi mwa magawo anayi a kamene ndinapeza mu yakale yeniyeni, kataphimbidwa ndi zomata zoyera. Pa mita imayeza bwinobwino, nyimbo yapansipansi imaimba, koma tsiku limene mwakweza voliyumu ndi lomwelo. A Wongoyamba, tengani imodzi mwa zopsazo, mupukute zolembazo ndi kathonje konyowetsa acetone.

Wongoyamba: Ndapukuta. Zolemba zonse zachoka, thonje lada bii. Pa yakale ya bambo sizikuchoka.

Miyendo Itatu: Ndi chizindikiro chimenecho. Sikuti ndi umboni wokwanira paokha, koma ine sindingaziikenso. Ma MJ aja muwagule kwa ogulitsa ovomerezeka ndi kampani yopanga. Ngakhale 2SC5200 ndi 2SA1943, amene Toshiba ikupangabe, abodza ake ndi ambirimbiri.

Agogo Mawaya: Pamene ukudikira katundu, mwananga, tiye tione chinthu chimene ambiri amachidumpha. Ka pot ka bias, ka resistor kopotokola kosinthira bias. Kazule, uike mita pa ohm pakati pa mwendo wapakati ndi wa m'mbali, uzipotokola pang'onopang'ono uku ukuyang'ana manambala. Undiuzenso kuti pa schematic, chojambula cha mmene zida zalumikizirana, kali pati, pakati pa collector ndi base ya C945 kapena pakati pa base ndi emitter.

Wongoyamba: Kali pakati pa collector ndi base. Ndikamapotokola manambala akukwera bwino, koma pakatikati akudumpha, mita imaonetsa ngati waya waduka, kenako n'kubwerera. Ndikangokagogoda ndi chala zikuchitikanso.

Agogo Mawaya: Eya. Chigawenga china ndi chimenecho, ndipo chikanakupsereza ma transistor kachitatu. Ndifotokoze, chifukwa ukamvetsa apa sudzaopanso bias.

Ka transistor kaja ntchito yake ndi kusiyanitsa ma base a ma driver awiri ndi ma volt ochepa, okwanira kuti ma output asagone tulo. Kali ndi ma resistor awiri, wina pamwamba pakati pa collector ndi base, wina pansi pakati pa base ndi emitter. Ma volt amene kamasunga ndi 0.6 kuchulukitsa ndi (1 kuphatikiza wapamwamba kugawa ndi wapansi). Wapamwamba akakula, bias imakwera. Tsono pot yako ili pamwamba. Ikaduka ngakhale kwa kanthawi kochepa ngati kuphethira, base sikulandiranso kanthu, ka transistor kamazima, ma base a ma driver amatayana kutali, ma output onse awiri amatseguka nthawi imodzi, rail ya plus n'kukumana ndi ya minus kudzera mwa iwo. Opanga ena ankaika pot pansi, kuti ikaduka bias igwe m'malo mokwera, koma si onse.

Gula pot yatsopano ya ma ohm omwewo, ya mtundu wozungulira maulendo 25. Mwendo wapakati uulumikize ndi mwendo wa m'mbali umene sukugwira ntchito, kuti tsiku lina wapakati ukadzasiya kugunda, magetsi adzapezebe njira. Usanaiwotcherere, ipotokole mpaka mita iwerenge ma ohm ochepetsetsa, chifukwa pa ampu yako pamenepo ndiye pa bias yotsikitsitsa. Usadalire kuti kumanzere ndi kotsitsa. Yeza.

Chiphaliwali: Poika ma TO-3, chikopa chake chonse ndi collector. Mica yatsopano (kachidutswa kopyapyala kotchinga magetsi pakati pa transistor ndi heatsink), mafuta oyera aja odutsitsa kutentha pang'ono mbali zonse, timapulasitiki ta m'mabowo a masikuluu tibwerere. Mukamanga, yezani pakati pa chikopa ndi heatsink. Mita ikalira, masulani.

Wongoyamba: Ndabwerera akuluakulu, katundu anafika. Ndaika zonse monga munanenera. Babu linawala kamodzi n'kuzirala, mtima unakhala pansi. Palibe chikutentha. Koma bias ikukana. Ndaika mita pa resistor ya 0.47, ikuonetsa 0.0 mV. Ndapotokola pot maulendo onse 25, palibe chasintha, ndabwezanso pansi. Ndinalumikiza sipika yakale yoyesera, nyimbo ikumveka koma ikukanda, makamaka voliyumu ikakhala pansi, ngati woimbayo ali ndi mchenga kukhosi. Ndikakweza zikukhala ngati zachepa.

Mayi Mita: Kukandako ndi crossover distortion. Transistor ya NPN imakankha theka la pamwamba la mawu, ya PNP imakoka theka la pansi. Popanda bias, pamakhala kampata pakati pamene wina wasiya koma mnzake sanayambe. Mawu akakhala aang'ono, gawo lalikulu limagwera m'kampatako, n'chifukwa chake zikuipa kwambiri pansi. Yezani ma volt pakati pa base ya driver ya NPN ndi base ya driver ya PNP, mbali zonse ziwiri. Mawaya a mita muwakanikize ndi timakilipi ampu ili yozima, kenako muyatse. Osalowetsa nsonga za mita ndi manja ampu ikuyaka, zikaterereka kamodzi mwabwerera poyambira.

Wongoyamba: Kumanja 2.28 V. Kumanzere 0.66 V, ndipo sikusuntha ndikapotokola pot.

Miyendo Itatu: 0.66 ndi diode imodzi yokha imeneyo. M'malo mwa C945 munaikamo chiyani?

Wongoyamba: 2N3904. Ndinali nayo kale, ndipo ndinawerenga kuti nayonso ndi NPN yaing'ono ya ntchito wamba. Ndinaiika moyang'ana mbali yomweyo imene yakale inkayang'ana.

Miyendo Itatu: Tapeza. Gwirani transistor mbali yafulati ikuyang'anani, miyendo ili pansi, muwerenge kuchokera kumanzere. 2SC945, monga ma transistor aang'ono ambiri a ku Japan, ndi emitter, collector, base. 2N3904 ndi emitter, base, collector. BC547 ya ku Ulaya ndi collector, base, emitter. Thupi limodzi, miyendo yosiyana. Ndiye base yanu yalowa m'bowo la collector, collector yalowa m'bowo la base. Magetsi akungodutsa pa base kupita ku emitter ngati diode wamba, pot ikulankhula ndi mwendo umene sukumva. Pamafunika ma volt okwanira kudzutsa ma transistor anayi, ma driver awiri ndi ma output awiri, aliyense pafupifupi 0.55 mpaka 0.6, n'chifukwa chake kumanja mwapeza 2.28. Mwayi wake kulakwitsa kumeneku kumatsitsa bias, sikupsereza kanthu.

Mukhoza kupingasa miyendo iwiriyo mutaiveka tipulasitiki, koma bwino kupeza yoyenera. KSC1845 miyendo yake ndi yofanana ndi yakale. Mukasankha KSC945 samalani: yokhala ndi C kumapeto, KSC945C, ndiyo ili ndi collector pakati. Yopanda C ili ngati 2N3904, mudzagwera m'dzenje lomweli.

Kanthu kena kothandiza: pa thupi salemba 2S. C945 ndi 2SC945, A726 ndi 2SA726. A ndi B ndi PNP, C ndi D ndi NPN.

Agogo Mawaya: Usadandaule nazo mwananga, palibe wokonza amene sanapingasepo miyendo. Waona mmene mbali ya kumanja yakuyankhira? Manambala awiri okha, 2.28 ndi 0.66, nkhani yonse yatuluka.

Wongoyamba: Ndaika KSC1845. Tsopano bias ikumvera! Manual ikuti 20 mV, ndiye ndinakweza pang'onopang'ono mpaka 20. Koma sikukhazikika. Patapita mphindi 3 inali 27, pa mphindi 6 inali 35, pa mphindi 10 inafika 48 ndipo heatsink inayamba kutentha ndithu, babu nalonso linayamba kufiira kwambiri. Ndazimitsa. Kodi ma MJ aja ndi amene sakugwirizana ndi ampu?

Chiphaliwali: Mwachita bwino kuzimitsa. Ka KSC1845 kali pati? Kakugunda heatsink?

Wongoyamba: Ayi, kaima pa bodi, pali mpata ngati wa chala kuchoka pa heatsink. Ndinadula miyendo kuti kaoneke bwino. Ndayang'ana kumanja, kakale kali ndi miyendo yaitali, kapindidwa, ndipo kapanikizidwa pa heatsink ndi kachitsulo kopyapyala. Kachitsulo ka kumanzere ndakapeza m'mbale ya masikuluu, ndinkadabwa kuti n'ka pati.

Agogo Mawaya: Kachitsulo kameneko ndi kamene kamasunga moyo wa ampu yonse. Transistor ya silicon ikatentha, ma volt amene imafuna pakati pa base ndi emitter amatsika ndi pafupifupi 2 mV pa digiri iliyonse. Zikumveka zochepa, koma taganiza. Ma output atenthe ndi madigiri 10 okha, aliyense akufuna 20 mV yochepa kuposa poyamba. Ngati bias ikuperekabe ma volt omwe aja, 20 mV yotsalayo ikupita kuti? Ikukagwera pa resistor ya 0.47, ndiye kuti 40 mA yowonjezera. Imeneyo ikutenthetsanso transistor, transistor ikufunanso zochepa, zikungothamangitsana mpaka china chipse. Ka transistor ka bias kakakhala pa heatsink kamamva kutentha komweko, nako kamatsitsa ma volt ake, n'kubweza anzakewo. Kako kanali pamphepo, sikankadziwa kuti kunja kukutentha.

Ika kena ka miyendo yaitali, uveke tipulasitiki, mbali yafulati igone pa heatsink ndi kadontho ka mafuta oyera, kachitsulo kapanikize.

M'masiku a germanium zinali zovuta kuposa apa. Aja ankayamba kutseguka pa 0.2 V ndipo ankadontha okha akangofunda, ukalakwitsa pang'ono umangomva fungo. Silicon inatipumitsa, koma khalidwe lothamanga likatentha silinathe.

Mayi Mita: Pali chinanso chimene chandikayikitsa. 20 mV mwayeza pati? Pa resistor imodzi, kapena pa ma test point amene manual yatchula? Tsatirani mizere ya pa bodi muone kumene ma test point akupita.

Wongoyamba: Ndinayeza pa resistor imodzi chifukwa panali posavuta kukanikiza kilipi. Ndatsatira, test point imodzi ikupita ku emitter ya NPN, ina ku emitter ya PNP.

Mayi Mita: Ndiye kuti 20 mV ya manual ndi ya ma resistor onse awiri pamodzi, 0.94 ohm. 20 kugawa ndi 0.94 ndi 21 mA. Inu munaika 20 mV pa 0.47 yokha, ndiyo 42 mA, kuwirikiza kawiri musanayambe n'komwe. Pa resistor imodzi muzifuna 10 mV. Tsimikizani ndi kumanja.

Wongoyamba: Kumanja pa ma test point 18 mV, pa resistor imodzi 9 mV. Ndamva tsopano.

Khutu Lakuthwa: Apa ndiye ndilankhuleko. 21 mA ndi yochepa kwambiri. Opanga ankaika bias yotsika poopa kubwezeredwa katundu, osati chifukwa ndi pamene pamamveka bwino. Ine yanga ndinaikweza kufika 150 mA, mawu anafewa, zingwe za gitala zikumveka ngati woimbayo ali m'chipinda momwemo. Ma MJ21194 ndi a 250 W, 150 mA ndi chiyani kwa iwo? A Wongoyamba, bambo anu akamve kukoma kwenikweni kwa ampu yawo.

Mayi Mita: Transistor ipirira, koma heatsink ndi yomwe ija ya zaka pafupifupi 50 zapitazo. Tiwerengere. 84 V kuchulukitsa ndi 21 mA ndi 1.8 W pa mbali imodzi, ampu ili chete. Pa 150 mA ndi 12.6 W mbali imodzi, 25 W mbali zonse, m'bokosi lotseka, pafupi ndi ma capacitor okalamba. 250 W imene mukunenayo ndi pamene chikopa cha transistor chasungidwa pa madigiri 25, zimene sizichitika m'kati mwa ampu.

Ndipo kukweza sikuti nthawi zonse kumachepetsa distortion. Barney Oliver wa ku Hewlett-Packard analemba za zimenezi mu 1971, ndipo kuchokera pamenepo okonza amadziwa kuti pa output ya mtundu uwu malo abwino ali pafupi ndi 26 mV pa resistor iliyonse ya emitter. Mukapyola, pakatikati pamene ma transistor onse awiri akugwira limodzi pamakhala mphamvu yochuluka kuposa m'mbali, ndipo kusiyanako nako ndi distortion. Pa 0.47 ohm, 26 mV ndi 55 mA. Inu 150 mA yanu ndi 70 mV.

Khutu Lakuthwa: Ndiye mwavomereza nokha kuti 10 mV ili pansi pa malo abwino. Bwanji osaika 26?

Mayi Mita: Pamenepo muli ndi mfundo. 55 mA ndi 4.6 W pa mbali, heatsink yaikulu ikhoza kunyamula. Koma imeneyo ndi nkhani ya munthu amene ali ndi choyezera kutentha ndi oscilloscope, amene aona kuti bias yake ikukhazikika chivundikiro chili chotseka tsiku lotentha.

Agogo Mawaya: Achimwene a Khutu, sindikutsutsa zimene makutu anu akumva. Pa voliyumu yapansi ampu yanu ikugwira ngati class A (ma output onse awiri akugwira nthawi zonse osazima), ndipo ena amaikonda choncho. Ndi yanu, mukudziwa kuigwira pamwamba kuti mumve kutentha. Koma iyi ikubwerera pashelefu ya bambo wachikulire amene aziyatsa m'mawa n'kuzimitsa usiku, mwina ataikapo nyuzipepala pamwamba. Mnyamatayu aike zimene manual yanena. Kuona maso a nkhono n'kudekha, akadzazolowera adzasankha yekha.

Khutu Lakuthwa: Pa nkhani ya nyuzipepalayo ndagonja, Agogo. Koma tsiku lina adzayese 26 amve.

Chiphaliwali: Pomaliza bias muchotse babu, ampu ilowe kukhoma mwachindunji. Babu limatsitsa ma rail, mukaika bias lili pamzere idzakwera mukadzalichotsa. Bwezani pot pansi kaye. Sipika zichoke, voliyumu pa 0.

Wongoyamba: Ndachita zonse. Ka transistor kagona pa heatsink, kachitsulo kabwerera. Ndi babu zinali bwino, ndiye ndinalichotsa. Ndinakweza mpaka 15 mV pa ma test point, ndinadikira. Inakwera yokha kufika 19 pa mphindi 10, ndinaifikitsa pa 20, ndinaika chivundikiro pamwamba osamanga. Patapita mphindi 30 inali 21, patapita ola 20. Heatsink yangofunda. Kumanja nako ndasintha pot, yakaleyo inalinso ndi malo odumpha, ndaika pa 20.

Chatsala chimodzi. Pa malo olumikiza sipika, kumanja kuli 14 mV ya DC, kumanzere 180 mV ndipo ikuyendayenda. Mu sipika yoyesera mukumveka kuthetheka apo ndi apo, ngati nkhuni zaziwisi pamoto, ngakhale voliyumu ili pa 0. Ndafunsa bambo, akuti kuthethekako kunayamba chaka chatha, ngozi isanachitike.

Miyendo Itatu: Voliyumu ili pa 0 koma kukuthetheka, ndiye kuti vuto lili kutsogolo kwa voliyumu, mu power amp momwemo. Kumayambiriro kwa bodi kuli ma transistor awiri ofanana oyandikana, ma emitter awo olumikizana. Alembedwa chiyani?

Wongoyamba: A726 onse awiri. Miyendo yawo yada.

Miyendo Itatu: 2SA726 okonza amaidziwa bwino, pamodzi ndi 2SC458, kuti ikakalamba imathetheka. Awiriwo ndi sikelo ya ampu. Mmodzi amamva mawu olowa, mnzake amamva zimene zatuluka ku sipika, ndipo amakokana mpaka output ikhale pa 0. Mmodzi akayamba kudontha sikelo imapendekeka, ndiye 180 mV yanuyo. Siingapsereze sipika, pa 8 ohm ndi 22 mA yokha, koma ikuyendayenda, ndipo transistor yotere tsiku lina imangofa n'kutumiza rail yonse ku sipika.

Ikani KSA992. Mugule 10, muyeze hFE (nambala ya mmene transistor imakuzira magetsi) ya iliyonse pa mita, musankhe ziwiri zoyandikana kwambiri. Poyeza musazigwire ndi zala, kutentha kwa dzanja kumasintha nambala, gwiritsani kopanira. Mukaika, zigundanitseni mbali zafulati n'kuziveka heat shrink imodzi kuti zizitentha mofanana. Mabowo a pa bodi muwatsimikize ndi schematic, osati ndi mmene yakale inkayang'anira.

Mayi Mita: Muchite mbali zonse ziwiri, a kumanja ndi a msinkhu womwewo. Mukatha muonenso bias. Komanso pafupi ndi output pali resistor ya 10 ohm yolumikizana ndi capacitor ya 0.1 uF kupita ku ground. Ampu itakhala chete kwa mphindi zingapo, zimitsani muikhudze. Ikakhala yotentha, ampu ikulira pa frequency imene khutu silimva, zimene zimachitika nthawi zina mukasintha mtundu wa ma transistor. Ikakhala yozizira, mwatha.

Wongoyamba: Akuluakulu, yatheka. Mwa ma KSA992 aja ndinapeza awiri a 412 ndi 415, ena awiri a 388 ndi 390. Kumanzere DC yatsika kufika 6 mV, kumanja 9 mV, ndipo manambala aima chilili. Kuthetheka kwatha. Resistor ya 10 ohm ndi yozizira mbali zonse. Bias 20 ndi 20 patapita ola, chivundikiro chomanga. Mawaya a sipika ndawadula nsonga zonyenyeka zija, ndawawotcherera bwino kuti tiwaya tisamatuluke m'mbali.

Dzulo madzulo ndinaibweza pashelefu bambo ali panja. Atalowa anaima, anaiyang'ana, anakanikiza switchi okha. Ka relay katangoti tha, anakhala pampando wawo n'kuika nyimbo imene ankaikonda mayi. Sanakweze voliyumu. Mbali yoyamba itatha anadzuka, anaika dzanja pamwamba pa ampu, anati, "Kale inkatentha kuposa apa." Kenako anatembenuza mbale.

Agogo Mawaya: Uwapatse moni bambo ako. Pakatha sabata ziwiri utsegulenso, uyeze bias ndi DC, ulembe manambalawo ndi tsiku pakapepala, umate m'kati mwa chivundikiro. Ulembenso kuti ma output ndi MJ21193 ndi MJ21194 komanso kuti 20 mV ndi ya pa ma test point.

Chiphaliwali: Fyuzi munaikamo ya ma amp angati? Ija munagula poyamba.

Wongoyamba: Ndayang'ana, ndi ya 5 A. Pa bodi palembedwa 3 A. Ndazimitsa, ndikusintha pompano.